Amuna Anga Andifunsira Mbeta

Pa siteji ya basi ku Thrissur, m'dziko la India, mayi Sulochana anaima atakumbatira kontena ya phala la mpunga. Bambo wina wachikulire, yemwe sankadziwana naye, anawasendezera nkhani.

"Ulendo wakuchipatala, mayi?"

"Ayi, ndikupita kunyumba yosamalira okalamba odwala matenda oiwala. Kuli amuna anga."

"Kalanga ine! Masiku ano mwayamba kutaya ndi amuna omwe?"

"Eya, ndinawataya. Mtendere unandikwana. Munthu ankayatsa gasi n'kuchokapo, ife n'kukamupeza panjanji akuti akupita kukaphunzitsa, chonsecho anapuma ntchito kalekale. Zosangalatsa zokhazokha."

"Nanga ana mulibe?"

"Alipo, ali ku Dubai. Bambo awo amawakonda koopsa. Pafoni."

"Ife kwathu zimenezo ayi. Mayi anga tinawasamalira pakhomo mpaka tsiku lomwalira."

"Munagwiratu ntchito, bambo. Ndiye powasambitsa ndi kuchapa zofunda akadzionongera, munkachita ndinu?"

"Aa, zimenezo ankachita ndi akazi anga."

"Ooo! Pepanitu, msana uyenera kuti ukukuwawani mpaka lero."

Bambo uja anakhosomola, n'kusuzumira kumsewu ngati basi yatulukira.

"Koma mukapita amakuzindikirani?"

"Ayi. Dzana anandigwira dzanja, akuti ndine wokongola, tikwatirane, koma makolo awo asamve kaye."

"Ndiye inu munayankha chiyani?"

"Ndinati ndikaganize. Ulendo woyamba uja, pamene tinkakwatirana, anangogwirizana akuluakulu okhaokha, ine palibe anandifunsa. Lero ndikupita kukawalola."