Mlamba wa ku Marka unandithamangitsa m'nyumba ku Mumbai

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu a kwathu kuchigwa. Ndine mai a Tereza a ku Marka, ogulitsa nsomba pamsika aja. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti ndakutengerani chiyani ku India. Ndakutengerani umboni wa mmene ndinasowera pogona ndili ndi wodwala m'manja, china ndilibe.

Amuna anga anavutika ndi mtima zaka ziwiri. Madokotala atanena kuti opaleshoni yake ndi yakunja, tinagulitsa ng'ombe zonse, m'khola n'kutsala ndowe zokha. Alamu anga a ku Blantyre anaimirira pamaso pa abale, ati za pogona tisadandaule, ali ndi mnzawo ku Mumbai wa nyumba yaikulu. Anthu anawaombera m'manja. Titafika, foni ya mnzawoyo inkangoitana osayankhidwa. Nditawaimbira alamuwo anangoti, "Mlamu, pempherani," n'kudula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, abale, wapachala ngwamphepo.

Poyamba sindinatekeseke, chifukwa ugadiyani ndimaudziwa. Kwathu wodwala akagonekedwa, iwe umayala chitenje pansi pafupi ndi bedi, kukacha n'kukaphika panja ndi anzako. Choncho ndinanyamula zitenje zinayi, kapoto, ufa, ndi mlamba wowamba ndi manja angawa. Koma amuna anga atachitidwa opaleshoni anawaika m'chipinda cha odwala mwakayakaya, cholowa kawiri kokha patsiku. Nditayala chitenje pakhonde, mlonda anachiloza ndi ndodo, anthu akundiyang'ana ngati wamisala. Ndinachipinda ndi manyazi.

Ndinayamba kusaka malo. Mahotela a pafupi ndi chipatala, usiku umodzi mtengo wa mbuzi, ndipo mbuzi iliyonse yopita kumeneko inali mankhwala a amuna anga. Malo otchipa ena anali mabedi osanjikizana, amuna okhaokha. Kwina pafoni ankati malo alipo, ndikafika n'kuona nkhope yangayi, malo atha. Ine wa ku Nsanje dzuwa silindiopsa, koma kuyenda pakati pa nyumba zotalika chonchija, anthu piringupiringu, popanda ndi mmodzi yemwe wokupatsa moni, kunandiwawa kuposa njala.

Tsiku lachitatu ndinapeza kachipinda kwa mai ena achikulire, pamtengo woti ndingakwanitse. Mwana wawo anandiwerengera malamulo a panyumbapo m'Chingerezi chothamanga. Sukulu ndinalekeza fomu thu. Ndinangogwedeza mutu monga timachitira, kuopa kuoneka mbuli.

Kenako adokotala anati amuna anga atuluka Lachisanu, koma azibwera kuchipatala pafupipafupi kwa masabata asanu ndi limodzi. Pakufunika chipinda chaukhondo chapafupi. Popanda chimenecho, tikanabwerera kumudzi bala lisanapole, ng'ombe zonse zija n'kupita pachabe. Ndinati zikomo Ambuye, chipinda ndili nacho.

Lachitatu la sabata yomweyo amuna anga, amene zakudya za tsabola za kumeneko zinkawakana, anandinong'oneza kuti, "Mai a Tereza, kamsuzi ka mlamba kokha." Ndinathamanga kukatereka. Usanawire n'komwe, mai a nyumba aja anatulukira akukuwa, atatseka mphuno ndi nsalu. Kani nyumba yonseyo sadya nyama, nsomba, ngakhale dzira, ndipo limenelo ndilo linali lamulo loyamba limene ndinagwedezera mutu. Ndinagwada, ndinapepesa, koma ayi ndithu. Katundu wanga anamuika pamasitepe dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kutsuka chipindacho ngati mwafera munthu. Ndinalakwa ine, sindikana. Koma mzimayi wamkulu ngati ine, kuona anthu akukwecha pamene ndaponda, ha!

Masiku awiri otsatirawo ndinagonera pampando m'chipinda chodikirira, nditakhala tsonga kuti mlonda aziyesa ndikudikira dokotala. Amuna anga sindinawauze. Pafoni mauthenga ochokera kumudzi ankangolowa: wina akufuna nsalu, wina wotchi, wina akuti ndisamadzimve poti ndakwera ndege. Wofunsa kuti ndagona pati panalibe.

Lachisanu m'mawa ndinapemphera pemphero lopanda ulemu. Ndinati, "Ambuye, ng'ombe zapita, ulemu wapita. Mwana wanu anapezako khola lobadwiramo, ine kuno ngakhale khola ndilibe. Masana ano munthuyu ndikamugoneka pati?" Nditatero ndinatuluka panja kuti ndikataye mlamba wotsalawo m'bini, chifukwa ndinali nditadana nawo.

Ndikumasula pepala, ndinamva mawu kumbuyo kwanga, m'Chisena chenicheni: "Muli tani, mama? Mukutaya mlamba?" Ndinatembenuka. Anali mai wa msinkhu wanga, dzina lake Rozita, wa ku Mozambique. Anabwera kudzayang'anira mng'ono wake wodwala impso, ndipo anali atatha miyezi itatu osalawa ndiwo zakwathu. Anati fungo analimva ali kutsidya la msewu. Ndinamuuza zonse, mamina ndi misozi zili mbwee.

Iye ndi amai ena achigadiyani ankachita lendi nyumba kuseri kwa msika wa nsomba, kumene eni ake amadya nsomba ngati ife. Chipinda chapansi, chosakwera masitepe, chinali chitangosiyidwa dzulo lake, ndipo mtengo wa sabata yonse sunkafika pa usiku umodzi wa kuhotela. Ndinafunsa kuti bwanji akundichitira zotere munthu wosandidziwa. Anati, "Inu mwati ndinu a ku Marka. Nthawi ya nkhondo ya kwathu ine ndinakulira komweko. Anthu akwanu anatipatsa pogona."

Abale, apa ndiye pamene Mulungu anandigwira pakamwa. Ndili mtsikana, ine ndi anzanga tinkakankhira kumbuyo zidebe za ana othawa nkhondo pamjigo wa kusukulu, tikuwaimba nyimbo yonyoza kuti alibe kwawo. Woyambitsa nyimboyo ndinali ine. Ndikanatha kukhala chete, koma sizinatheke, ndinamuuza. Rozita anati, "Nyimboyo ndikuikumbuka. Nyamulani chikwama, tizipita."

Masana omwewo amuna anga anagona pabedi loyera, atamwa msuzi wawo wa mlamba. Tinakhala m'nyumba imeneyo mpaka adokotala anatimasula. Lero amuna anga ali kumudzi, akuyenda okha mpaka kudimba.

Sindinama kuti mtima wanga wayera. Alamu aja anabwera kudzatilandira, akuuza anthu kuti ulendo anakonza ndi iwo, ndipo moni wanga kwa iwo ukadali wakumano. Mundipempherere. Koma ndikamawawerengera zolakwa, ndimakumbuka kuti inenso pogona ndinapatsidwa ndi munthu amene anali ndi chifukwa chondimana.

Inu amene muli pampando wodikirira lero, osadziwa kuti wodwala wanu mukamugoneka pati, musaleke kupemphera, ngakhale pempherolo lituluke ndi ukali. Mulungu amamva. Ndikuthokoza Iye, ndipo kwa Rozita ndikuti takhuta, zikomo wa m'Chisena. Madzi akadzasefukira chaka chino, anthu n'kuoloka malire ndi mitolo pamutu, adzafikire kwa mai a Tereza. Chidebe chawo chidzakhala patsogolo pa changa.