Matemba a a tcheyamani

Zaka zija za makadi a chipani, nyanja ya Chilwa itangodzazanso madzi itaphwa, ine ndinali mnyamata wogwira ntchito kumigodi, kudziko la eni. Inu mumatumizirana zinthu pa foni, koma kale munthu wapaulendo ndiye anali positi, ndipo phukusi la mnzako sunkalimasula, poti kutero kunali kumunyoza mwiniwake.

Tsono tchuthi changa chikutha, a tcheyamani a chipani kuno ku Kachulu anandiitana. "Achimwene, mukampatse mwana wanga kumigodi konko timatemba iti, wapukwa ndiwo za kwawo." Ndikanawakana bwanji? Ndinalandira thumba la matembalo ndi manja awiri.

Pachipata cha m'malire apolisi a kumeneko anang'amba thumba lija, ndipo pansi pa matemba panali chamba chokulunga m'makoko a nthochi. Tsoka silinunkha, ana inu, ngakhale thumbalo linanunkhitsa basi yonse.

Patapita miyezi itatu kundende kunabwera bwana wa suti wochokera ku ofesi ya kazembe wathu. Nditamva Chinyanja ndinalira ngati mwana, ndimvekere kwathu kwandikumbuka. Ndinafotokoza zonse iye akulemba, koma nditatchula a tcheyamani anatseka cholembera n'kuchiika m'thumba.

"Bambo, dzina limenelo musalitchulenso. Mwachititsa kale manyazi dziko. Amayi anu ali kumudzi, eti?"

Ndinamva chimene ankatanthauza. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti akawadziwitse amayi kumene ndili. Anagwedeza mutu movomera, nandisiyira sopo mmodzi, ndipo nkhope yake sindinaionenso. M'khoti ndinakhala chete kuti amayi asavutike, n'kupatsidwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Uthengawo sunafike. Amayi anamwalira akuuza anthu kuti mwana wawo ndi mtchona, anawataya chifukwa cha akazi a m'tauni. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, kuposa ndende yomwe.

Nditabwerako ndinakumana ndi a tcheyamani padoko pomwe pano, atanenepa, ali ndi mabwato atatu. Anandigwira chanza anthu akuona, amvekere, "Achimwene, matemba aja anafika?" Ine ndinati, "Anafika, bwana."

Ndiye iwe Fesitoni, ndamva kuti Lolemba ukukwera minibasi, ulendo wa ku Joni, ndipo anthu ayamba kale kukutula maphukusi. Usawakanire, mdzukulu wanga, ndi abale. Koma lililonse ulimasule mwiniwake akuona, ufufuze mpaka pansi. Akakwiya akwiye. Ine ndinaopa kukwiyitsa munthu, ndipo manda a amayi anga ndinachita kulozeredwa.