Ngalande ya Pakhomo pa Mayi Kanduna

Takulandirani, omvera, m'gawo la zilengezo masana ano a Lachiwiri, pa 11 Novembala 2003. Choyambachi n'cha ku Lilongwe, ndipo eni ake adzaza pepala mbali zonse ziwiri, choncho khalani pansi.

Mayi Ennie Kanduna, mkazi wa malemu Andrew Kanduna, a ku Kawale 2, nyumba yomaliza kumunsi pafupi ndi kamlatho, akudziwitsa onse okhala m'mbali mwa ngalande yotsikira kumeneko kuti Loweruka pa 15 Novembala, 6 koloko m'mawa, kuli ntchito yoyeretsa ngalandeyo mvula isanalimbe. Aliyense atenge khasu, fosholo kapena ndowa. Iwo akuti chizolowezi cha kumeneko akuchidziwa bwino. Anthu amasunga zinyalala m'matumba kuseri kwa nyumba, kudikira mvula. Ikangoyamba, aliyense thumba pamutu, liwiro la kungalande, khuthu, n'kuthawira m'nyumba akuti madzi atenga. Mayi Kanduna akuti madziwo amatengadi, koma sapita nazo patali. Amakazisiya pakamwa pa paipi ya pansi pa kamlatho, mapazi asanu kuchokera pakhoma la chipinda chawo chogona, ndipo khomalo ndi la zidina. Paipi ikatseka, madzi amabwerera n'kuyamba kudya khomalo. Iwo amatuluka pamvula kukatsekula, koma msana wayamba kukana. Nyumbayi anawasiyira ndi amuna awo, ndipo ina alibe. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Ennie Kanduna a ku Kawale 2.

Chachiwiri n'cha ku Kawale 2 komweko. Bambo ndi Mayi McDonald Zingani, eni golosale ya kumtunda kwa ngalande, akudziwitsa abale ndi abwenzi a ku Biwi, Kaliyeka, Area 25, ndi akumudzi kwa Mfumu Yaikulu Kachere ku Dedza, kuti chinkhoswe cha mwana wawo Pamela ndi Goodwin wa ku Mgona chidzachitikira pakhomo pawo Loweruka pa 15 Novembala. Amayi ophika ndi abambo omanga tenti afike 6 koloko m'mawa. Aneba nonse ndinu oitanidwa. Chilengezochi chachokera kwa Bambo McDonald Zingani.

*

Lero ndi Lachitatu, pa 3 Disembala, ndipo Mayi Ennie Kanduna a ku Kawale 2 atilemberanso.

Akuthokoza Mayi Salama Abdullah, munthu mmodzi yekha amene anabwera kungalande pa 15 Novembala. Akuti za chinkhoswe alibe nazo chifukwa, nawonso anapitako masana ake, anavina, ndipo mwanayo akumufunira zabwino. Chimene chawapweteka n'chakuti mvula itagwa Lachinayi lotsatira, chinkhoswe chonse chinawalondola kunyumba: mbale zapulasitiki, nthenga za nkhuku, mabotolo, majumbo, ngakhale maliboni a pageti. Anatola ndowa khumi ndi ziwiri okha, mvula ili pamsana.

M'mawa mwake anakwera kugolosale. A Zingani anawalandira mwaulemu, anawapatsa mpando, n'kunena kuti: "Amayi, musatengere pamtima, ndi alendo aja. Tiiona nkhaniyi, shuwa tiiona, kungoti panopa ndili bize pang'ono." Mayi wina wa m'nyumba za lendi anawayankha kuti: "Nanga ife tikataye kuti, amayi? Pulotiyi si yathu. A landilodi anakana zokumba dzenje, akuti pamenepo adzamangapo chipinda china." Mayi Kanduna akuti mawu amenewa ndi omveka, sakuwatsutsa, koma ngati dzenje akukana ndi a landilodi, mkangano ukhale ndi a landilodi. Khomo la mkazi wamasiye si dzenje la zinyalala.

Akudziwitsa onse kuti khoma lija lang'aluka, mng'alu wake woti dzanja likulowa, moti bedi alisamutsira pabalaza. Akuitananso anthu Loweruka pa 6 Disembala, nthawi yomwe ija. Akuti afufuza, tsikuli kulibe chinkhoswe, kulibe ukwati, ndipo mpira ndi wamadzulo. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Ennie Kanduna, amene akuti atopa kupempha ngati akupempha mchere.

*

Lolemba, pa 12 Januwale 2004. Abale a banja la Kanduna, mverani ichi mpaka kumapeto musanayambe kulira.

Lewis Kanduna wa ku Ndirande mumzinda wa Blantyre akudziwitsa amalume ake, a Grain Ndau a m'mudzi mwa Kalazi, Mfumu Yaikulu Kwataine ku Ntcheu, ndi abale a ku Chinsapo ndi Area 23, kuti nyumba ya mayi ake, Mayi Ennie Kanduna, inagwa Loweruka pa 10 Januwale ku Kawale 2. Mayiwo ali moyo, alibe bala. Tsikulo anali kumaliro a mnzawo wa kutchalitchi ku Area 23, ndipo mvula inawapeza kumanda cha m'ma 2 koloko masana. Iwo anadziwa chimene chikuchitika kunyumba. Anasiya mwambo uli pakati, anakwera minibasi, koma pofika pakamlatho anapeza paipi yatseka, madzi afika m'mawondo, khoma la kuchipinda lili pansi, malata akulendewera. Lewis akuti pa 6 Disembala paja sikunabwere munthu ngakhale mmodzi, pakuti Mayi Salama anali atadwala.

Akupempha aliyense amene watola sutikesi yachitsulo yobiriwira m'mbali mwa mtsinje umene ngalande ija imathiramo kuti akaisiye kwa Mayi Salama Abdullah, kumene Mayi Kanduna akugona. Mulibe cha mtengo. Muli yunifolomu ya Mvano ndi zithunzi za malemu bambo ake.

Akuthokozanso aneba onse amene anabwera kudzapepesa Lamulungu. Akuti bwalo linadzaza, ena anachita kuima pamsewu, amayi analira, ndipo abambo oposa makumi awiri anabwera ndi makasu ndi mafosholo kudzafukula katundu m'dothi. Mayi ake atawaona anati: "Kani makasu ku Kawale kuno alipo?" Chilengezochi chachokera kwa mwana wawo, Lewis Kanduna.

*

Lolemba, pa 19 Januwale. Ichi n'chachifupi. Mayi Ennie Kanduna akutsanzika abale, abwenzi ndi amayi a Mvano ku Kawale 2, kumene akhala zaka makumi awiri ndi zitatu. Anyamuka mawa Lachiwiri ndi basi ya m'mawa kupita kwa alongo awo ku Ntcheu. Sutikesi sinapezeke. Akuti amene akufuna kudzawaperekeza ku depoti asavutike, katundu wawo ndi wa dzanja limodzi. Chilengezochi chachokera kwa eni ake.

*

Lachinayi, pa 5 Febuluwale. A ku Ntcheu amene muli pafupi ndi wailesi, mukawauze.

Bambo McDonald Zingani, m'malo mwa mabanja khumi ndi asanu ndi limodzi a ku Kawale 2, akufunafuna Mayi Ennie Kanduna kulikonse kumene ali. Akuwadziwitsa kuti chichokereni iwo, ngalande ija yasintha khalidwe. Madzi sakudutsanso pakamlatho, akungokwera. Lamulungu analowa m'nyumba za lendi zisanu ndi ziwiri, zimbudzi ziwiri zinasefukira, ndipo m'golosale matumba a shuga ndi mchere anasungunukira pansi. Ana atatu ali kuchipatala, akutsegula m'mimba. A Zingani akuti: "Zaka zonsezi ngalande imeneyi sinkavuta chonchi, tikudabwa nayo kwambiri."

Choncho mabanjawa atakumana agwirizana kuti Mayi Kanduna ayenera kuti anali ndi munthu wodziwana naye ku maofesi, amene ankawatumizira antchito odzatsekula paipi. Akuwapempha mwaulemu kuti, ngakhale panali kusamvana pang'ono, awatumizire dzina la bwana ameneyo, nambala yake ya foni, ndi tsiku limene amapezeka mu ofesi. Akuti nkhaniyi ndi yachangu, mitambo ikuoneka kale. Chilengezochi chachokera kwa Bambo McDonald Zingani ndi aneba anzawo.

*

Lachitatu, pa 11 Febuluwale. Yankho lafika, omvera, lalembedwa ndi pensulo, ndipo tiwerenga monga lilili.

Mayi Ennie Kanduna akudziwitsa Bambo McDonald Zingani ndi mabanja khumi ndi asanu ndi limodzi a ku Kawale 2 kuti uthenga wawo aumva. Za ana odwalawo zawakhudza kwambiri, usiku sanagone, ndipo akupempha amayi kuti aziwiritsa madzi akumwa. Koma dzina la bwana alibe, foni alibe, ofesi sakuidziwa. Akuti antchito amene mukuwafunawo anali mayi mmodzi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, chitenje m'chiuno, jumbo kumutu. Simunamuone chifukwa nthawi imene iye ankatuluka, inu munali mutakhuthula kale matumba anu, mwatseka zitseko.

Akuti kubwerera sabwerera, alibe pofikira. Koma kagwiridwe ka ntchitoyo sabisa. Musayambire kumtunda kwa paipi, madzi angakukanikizireni mkati. Tsikirani kumunsi kwa kamlatho mvula isanagwe, gwadani, lowetsani nsungwi yaitali, sunthani mpaka zitayamba kumasuka. Kenaka khasu siligwiranso ntchito, pamafunika manja. Samalani ndi magalasi ndi malezala. Zimene mwatulutsa musaunjike pambali pa ngalande, zibwereramo tsiku lomwelo.

Za kumene mungakazitaye, akuti musavutike n'kuitana msonkhano. Ndowa ziwiri zoyamba munthu amangoona nyansi, koma pofika yachitatu maso amazolowera. Iwo ankadziwa nyumba imene yadya usipa, imene muli mwana wakhanda, imene bambo ake ayambiranso kumwa, ndi shopu imene yatsegula katoni yatsopano ya sopo. Sanauzepo munthu, ndipo sauza munthu. Akuti inunso mukagwada pamenepo, aliyense adzazindikira zake, anyamule, abwerere nazo kwawo.

Chilengezochi chachokera kwa Mayi Ennie Kanduna, omwe kale anali a ku Kawale 2, tsopano a m'mudzi mwa Kalazi ku Ntcheu.