Chipinda Chachiwiri cha ku Bulawayo

M'chaka cha 1956, Stafford, dalaivala wa lole yotuta tiyi pa esiteti ina ya ku Thyolo, anapeza ntchito ku kampani ya malole ya ku Rhodesia, ndipo anamuuza kuti asankhe yekha kokakhala, ku Halale kapena ku Bulawayo. Mwana wake Lestina anali atamaliza Sitandade 3, pomwe sukulu ya pa esiteti inkathera, moti akanatsala, chotsatira chinali dengu la tiyi kumsana. Koma Stafford anali mkamwini kwa Nchilamwela, ndipo mkamwini sanyamula mwana ngati katundu wake. Mwini mbumba, mlamu wake a Bizwick, anayenera kuvomera kaye.

Mumtima Stafford anali atasankha kale Bulawayo, ndipo tisanamizane, chifukwa chake sichinali sukulu. Ku Halale kunali a Zakeyu, mkulu wawo wa a Bizwick, amene anatchona kalekale. Stafford anali atatopa nawo alamu. Ankalota nyumba yoti akatsokomola iye, aliyense adziwe kuti watsokomola mwini nyumba.

Lamulungu masana anawapeza a Bizwick pakhonde akunola mpeni wodulira tiyi. Iwowa anali munthu woti ukawauza kuti ndibwera pompano, amaima pomwepo kukudikira mpaka dzuwa kulowa.

"Alamu, nkhani ija mwaimva kwa alongo anu," anayamba Stafford, chipewa chili pabondo.

"Teleza wandiuza kuti mukufuna kupita ndi mwana kunja."

"Kusukulu, alamu. Mwana uja mutu wake ndi wakuthwa. Tikamusiya pano, Janyuwale akubwerayu ayamba kuthyola tiyi."

"Mutu anatengera kwathu," anatero a Bizwick. "Dengu ayi, pamenepo tagwirizana. Ndiye mukuti kuti?"

"Malo alipo awiri, Halale ndi Bulawayo. Koma ine ndaona kuti Bulawayo basi."

"Ku Halale kuli achimwene a Zakeyu."

"Ee, aliko. Koma sukulu za ku Halale, alamu, hm. Ana zana m'kalasi imodzi. Madenga odontha. Aphunzitsi amaodzera choko chili m'manja."

Ku Halale Stafford anali asanapondeko chibadwire, koma pakamwa sipagula tikiti.

"Amaodzera?" anafunsa a Bizwick.

"Mpaka mkonono."

"Zoipa zimenezo. Nanga ku Bulawayo kuli ndani wakwathu?"

"Kulibe," anayankha Stafford mokondwa. "Ngakhale mmodzi. Ndiye ubwino wake umenewo. Mwana aziwerenga popanda womusokoneza."

Mpeni unaima pamwala.

"Akaswa sileti, aphunzitsi aitana ndani?"

"Ine."

"Inu ndinu bambo ake."

"Eya, n'chifukwa chake."

"Iyayi, ndikufunsa kuti aitana ndani. Chaka chatha atamenyana ndi mwana wa kapitawo, aphunzitsi a Douglas anaitana ine. Inu munaima panja mutagwira njinga."

Stafford ankalikumbukira tsikulo, ndipo linkamuwawabe. Anakhotetsa nkhani.

"Kumeneko ndi kutauni, alamu. Sukulu ya njerwa, mawindo a galasi, mpaka Sitandade 6 ndi kupitirira. Belu lake lenileni, osati chitsulo cha lole chopachika pamtengo ngati chathu chino."

"Belu lenileni," anagwedeza mutu a Bizwick. "Nanga kutalika kwake? Nditanyamuka pa njinga tambala woyamba, ndingafike dzuwa lili pati?"

Stafford anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Njinga, alamu? Mumakwera sitima pa Luchenza, n'kutsika mpaka kwa Apwitikizi, kuoloka Zambezi, kusintha sitima, kudutsa Halale yemweyo, Bulawayo akadali kutsogolo. Ndi masiku amenewo."

"Ndiye munthu sangapite m'mawa n'kubwerako madzulo."

"Sizingatheke."

"Ngakhale Loweruka."

"Ngakhale pa Khirisimasi."

"Hm," anatero a Bizwick, akuyesa mpeni ndi chala. "Ndiye kuti nkhani yake ndi yokakhala konko."

"Mwamvetsa tsopano, alamu."

Stafford anatola chipewa chake, mtima uli myaa. Anaona kuti mlandu ukumukomera, ndipo munthu mlandu ukamamukomera amayamba kuwonjezera mchere.

"Nyumba ilipo?" anafunsa a Bizwick.

"Kampani ipereka. Zipinda ziwiri, alamu. Simenti pansi, malata pamwamba, mpopi panja."

"Ziwiri. China inu ndi Teleza."

"Eetu."

"Chachiwiricho, mphasa ya munthu wamkulu ingakwane?"

"Ngakhale ziwiri. Mwana akula ali momwemo, mapazi osagunda khoma."

"Mphepo imalowa pansi pa chitseko?"

"Ndi pang'ono pomwe. Mwana sadzamva tsemwe."

"Zabwino. Mphepo ya pansi imapweteka msana."

Stafford anachita chidwi. Sankadziwa kuti alamu ake amamudera nkhawa Lestina mpaka kumsana.

"Kuseri kuli malo? Kalongonda angamere?"

"Lestina sadya kalongonda, alamu."

"Ndafunsa kuti angamere?"

"Angamere. Kumeneko chilichonse chimamera."

"Nandolo?"

"Mpaka kudenga."

A Bizwick anaika mpeni pansi, n'kuyang'ana kumtengo wa mapeyala komwe mbuzi yawo yakuda inamangidwa.

"Mbuzi amalola m'sitima?"

Apa Stafford anagwidwa manyazi. Iye wabwera ndi chinyengo, mnzake akuganiza zomupatsa mbuzi.

"Aa, alamu, musavutike. Mphatso imeneyo yakula."

"Si mphatso. Ndi yanga."

"Ndiye ikukwereranji sitima?"

"Singatsale yokha. Imadya m'manja mwanga mokha."

Mbuzi ija inawayang'ana onse awiri, ikutafuna.

"Alamu," anatero Stafford pang'onopang'ono, "mbuziyo ikupita ndi ndani?"

"Ndi ine."

"Inuyo mukupita kuti?"

"Ku Bulawayo. Mwanena nokha. Wakwathu kulibe, njinga sifika, chipinda chilipo. Mwana wa mlongo wanga akhale pasukulu wopanda malume ngati wotola pamsewu? Lestina azigona ndi mayi ake. Inu, poti ndinu dalaivala, masiku ambiri muzigona m'lole."

Nyumba ya maloto ake ija Stafford anaiona bwinobwino, simenti pansi, malata pamwamba, a Bizwick pakhonde akutsokomola.

"Koma ntchito yanu, alamu. Tiyi adulira ndani?"

"Odulira alipo ambiri. Malume ake Lestina pano ndine ndekha."

"Ku Bulawayo kulibe tiyi."

"Azungu ake alibe mipanda ya maluwa?"

"Ali nayo, koma..."

"Ndizikadulira imeneyo. Mpeni sudziwa kuti uyu ndi tiyi."

"Kumazizira, alamu. Kuzizira koopsa."

"Mwanena kuti mphepo silowa."

"M'nyumba. Ndikunena panja."

"Kuposa pa Bvumbwe mu Juni?"

"Kawiri."

"Ndiye nditenge jekete lanu lija la kampani. Inu m'lole mumatentha injini."

Stafford anaimirira, anayenda mpaka kumapeto kwa khonde, n'kubwerera.

"Chilankhulo, alamu. Kumeneko amalankhula Chindebele. Aphunzitsi akakuitanani simudzamva kanthu."

"Nanga Lestina adzamva bwanji?"

"Iye ndi mwana, aphunzira m'kalasi."

"Ndiye ndizikakhala naye m'kalasimo, kumbuyo. Ana ake si zana ngati ku Halale, malo apezeka."

"Ndi mbuzi?"

"Mbuzi panja, alamu. Musalankhule ngati mwana."

Stafford anakhalanso pansi. Anayesa kuganiza za matenda, za akuba, za mikango, koma anazindikira kuti choopsa chilichonse chomwe angatchule chingowonjezera chifukwa choti malume apite. Msampha anautchera yekha, ndipo khosi linali lake. Njira inatsala imodzi, yobwerera m'mbuyo, ndipo anaiyamba nkhope ili gwa.

"Komatu ndikaganiza bwino, alamu, sukulu za ku Halale si zoipa kwenikweni."

"Zodontha zija?"

"Anafolera."

"Liti?"

"Posachedwapa."

"Aphunzitsi oodzera aja?"

"Anadzuka."

"Onse?"

"Onse, alamu."

"Ana zana aja?"

"Ambiri anamaliza."

A Bizwick anamuyang'ana nthawi yaitali, osati mokayika, koma ngati munthu amene akugoma.

"Inu madalaivala nkhani mumazimva msanga. Mwakhala pano chikhalire, koma za ku Halale zakupezani."

"Ndi ntchito yathu," anatero Stafford, maso ali pansi.

"Ndiye Bulawayo mwamusiya? Belu lenileni lija?"

"Belu ndi phokoso chabe. Mwana saphunzira belu. Chachikulu ndi chibale, alamu. Ku Halale kuli a Zakeyu."

"Mawu amenewo ndi anga."

"Ndabwereka."

A Bizwick anatola mpeni wawo n'kuyambanso kunola. Pankhope pawo pankaoneka kukhumudwa pang'ono, pakuti sitima anali asanaikwerepo.

"Chabwino. Ngati ndi ku Halale, malume aliko kale, wamkulunso kuposa ine. Ine ndilibe chokatsata. Mbuzi itsala."

Stafford anapuma mpweya wautali. A Zakeyu ndi munthu wachikulire, anadziuza mumtima, wazaka zambiri m'tauni. Ali ndi kwawo, ali ndi zawo. Azibwera pa Khirisimasi, kudya nkhuku, kufunsa za mayeso, n'kumapita.

"A Zakeyu amakhala mbali iti ya tauni?" anafunsa mwaulemu. "Nyumba yawo iyenera kuti ndi yaikulu."

"Nyumba?" anadabwa a Bizwick. "Simunamve kwa Peterson, wabwera kuchokera konko mwezi watha uja? Achimwene amagona m'nyumba ya amuna okhaokha, kuthithikana ngati masamba m'dengu. Akuti Lamulungu lililonse amapemphera kuti kubwere wachibale wa zipinda ziwiri."

Chipewa chinamupulumuka Stafford m'manja n'kugwanso.

"Musadandaule," anapitiriza a Bizwick pomutonthoza. "Mbuzi alibe."

"Zikomo."

"Ali ndi akodiyoni, choimbira chokoka ndi manja chija. Amaiyeserera m'bandakucha, asanapite kuntchito."

Kutsidya kwa msewu mizere ya tiyi inali itangoti zii padzuwa, yodikira othyola a Lolemba. Stafford anaiyang'ana n'kukumbukira chimene anabwerera, ndipo mantha enieni anamugwira.

"Koma mwanayo, alamu. Mwavomera kuti apite?"

"Mwana ndinavomera kale, pa dengu paja. Apite, aphunzire mpaka mabuku athe. Ine ndinamuberekera kusukulu pa njinga mvula ikugwa, ndimutsekere njira lero?"

Stafford anawerama. Anali wokondwa, ndipo analinso wogonja, zonse nthawi imodzi.

"Ndiye ku Bulawayo, chipinda chachiwiri ndi chanu."

"Ndi mbuzi kuseri."

"Ku Halale, ndi cha a Zakeyu."

"Ndi akodiyoni."

"Alamu, ine ndinabwera kudzakambirana za sukulu. Sukulu yabwino ndi iti, basi."

A Bizwick anapukuta mpeni pa kabudula, n'kuuyang'ana padzuwa.

"Sukulu ndi sukulu, alamu, bolodi ndi lakuda konsekonse. Inu ingosankhani malume."