A Mfundo, Wapampando wa Amisiri

Malemu amene tadzawaperekeza lerowa anabadwa pa 14 Malichi, 1948. Anali oyamba m'banja la ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri. Bambo awo ankagwira ntchito yokonza njanji, mayi awo ankasoka zovala pakhonde la nyumba ya lendi imene banjali linkakhala. Ine ndaima panone ndine mwana wa mng'ono wawo, choncho malemuwa ndi bambo anga aakulu. Akubanja andituma kuti ndiwerenge mbiriyi, ndipo andiuza kuti ndisalumphe kanthu, chifukwa eni ake sankakonda nkhani yodulidwa mchira.

Anayamba sukulu mu 1955 ndipo masamu ankawamwa ngati madzi. Mu 1963 bambo awo anavulala mwendo pantchito, osayendanso bwino mpaka imfa yawo. Malemu anasiya sekondale ali m'chaka chachiwiri n'kukalowa sukulu ya ntchito zamanja, kumene anaphunzira ukalipentala, kuti azing'ono awo asasiye sukulu. Atamaliza mu 1966 analembedwa ntchito pa kampani ina yopanga zitseko ndi mipando. Anagwirapo zaka khumi ndi chimodzi. Mu 1977 anatsegula shedi yawoyawo kuseri kwa msika, ya malata asanu ndi atatu, benchi imodzi, sowo ziwiri. Mumenemo ndimo anaphunzitsira mng'ono wawo, bambo anga, kukhoma madenga.

Pa 19 Ogasiti, 1972, anamanga banja ndi mayi akhala apawa, amene pa nthawiyo anali mphunzitsi wa pulaimale. Anadziwana malemu atatumidwa kukakonza madesiki pasukulu yawo. Mayi aakulu amanena mpaka lero kuti ntchitoyo inali ya masiku atatu, koma kalipentala uja anaikoka milungu itatu, tsiku lililonse akupeza desiki ina yogwedera m'kalasi mwawo mokhamokha. Mulungu anawadalitsa ndi ana asanu. Mmodzi, wachitatu kubadwa, anatsogola mu 2009.

Mu 1979 analowa bungwe la Ubale wa Amisiri. Kwa amene simukulidziwa, ili ndi gulu la akalipentala, omanga nyumba, owotcherera zitsulo ndi okonza magetsi, amene analumbirirana kuti azitchulana abale, azipatsana ntchito, aziyenderana pa matenda ndi pa maliro, ndipo asamachititsane manyazi ndi ntchito yachinyengo. Amakumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, 2 koloko masana, m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya utoto ndi misomali. Muli mabenchi khumi, mazenera awiri, kabati ya makalata, ndi tebulo lalitali limene malemu anapanga ndi manja awo.

Mu 1988 abale anawasankha kukhala wapampando. Buku la malamulo a bungweli limapereka kwa wapampando mphamvu zingapo. Ndiye amaitanitsa msonkhano, kuutsegula ndi kuutseka. Palibe amayankhula asanapatsidwe mpata ndi iye. Ndiye amalumbiritsa olowa kumene, amasankha okayendera odwala, amasaina kalata iliyonse yotuluka m'dzina la bungwe, ndipo pakabuka kusamvana pa tanthauzo la lamulo, mawu ake ndi otsiriza. Koma buku lomwelo limamumanganso manja: wapampando savota, pokhapokha mbali ziwiri zikafanana, ndipo satsutsana ndi m'bale ali pampando. Malemu bukuli analiloweza lonse, komabe ankabwera nalo m'thumba la jekete, akuti munthu wodalira mutu wake yekha tsiku lina adzapeka lamulo.

Dzina limene ambiri mumawadziwa nalo linachokera m'chipinda chimenecho. M'bale akaimirira n'kuyamba kuzungulira, kuyambira za mvula ya chaka chatha mpaka za apongozi ake, malemu ankagogoda tebulo kamodzi ndi nyundo yawo yamtengo n'kufunsa mwaulemu, "M'bale, mfundo yanu ndi iti?" Sipanathe chaka, aliyense ankangoti A Mfundo. Funsoli linafika ndi kunyumba komwe. Ana akamakangana patebulo, ankapatsidwa mpata mmodzimmodzi, wamng'ono poyamba. Mayi aakulu okha ndi amene sanagogodedwepo, ndipo amati malemu anayesapo kamodzi mu 1990, osabwerezanso.

Lamulo limene ankaikira ena ankalisenzanso okha. Wochedwa pamsonkhano ankaima kumbuyo mpaka wapampando atamulola kukhala. Tsiku lina mu 1993 njinga yawo inaphulika tayala panjira, nafika msonkhano utatsegulidwa kale ndi wachiwiri wawo. Anaima kumbuyo, thukuta lili kamukamu, chipewa chili m'manja. Wachiwiri uja, pofuna kulawako ukulu, anawasiya chiimire mpaka mlembi atamaliza kuwerenga zonse za msonkhano wapitawo. Malemu sanadandaule. Pambuyo pake anamuyamikira pamaso pa onse.

Tsopano ndifike pa chaka cha 1996. Bambo anga ali pano, ndipo andilola okha kuti ndinene izi.

Mu Januwale chaka chimenecho kunaomba mphepo yamkuntho, ndipo denga la nyumba ya mayi wina wamasiye, wogulitsa masamba pamsika, linasasuka. Mtanda unawagwera mayiwo paphewa n'kuwathyola fupa. Dengalo analikhoma ndi bambo anga, miyezi inayi yokha m'mbuyomo. Anali atathamangira ntchito ina yaikulu, choncho anagwiritsa matabwa aawisi ndipo sanamange mitanda ndi waya kukhoma monga mmene anaphunzitsidwira. Mayi aja analembera kalata bungwe.

Lamulo linkati dandaulo lililonse limayamba lafika kwa wapampando, ndipo iye ndi amene amaona ngati lili loyenera kupita kumsonkhano kapena lithere mukabati. Kalatayo ikanatha kugona mukabati osadziwika ndi munthu. Agogo athu, mayi wa awiriwa, anali akadali moyo. Anapita kushedi ndi ndodo yawo, nakhala pa mulu wa matabwa kuyambira m'mawa mpaka masana, akuwakumbutsa malemu kuti anayamwa bere limodzi ndi mng'ono wawo. Anzawo ena anawalangiza kuti tsiku la mlandu angonamizira kudwala, wachiwiri wawo aone zochita, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Malemu anawayankha kuti sanasankhidwe kuti azikhala pampando masiku a chikondwerero okha.

Pa 3 Febuluwale, 1996, chipinda chija chinadzaza mpaka ena anakhala pamasitepe. Malemu anawerenga kalatayo okha, mawu onse, osameza ngakhale limodzi. Anawapatsa mpata mayi aja, dzanja lili m'nsalu yokolekera m'khosi, kenako anawapatsa mpata bambo anga, powatchula kuti m'bale monga ankatchulira wina aliyense. Funso linali lakuti angodzudzulidwa, kapena aimitsidwe m'bungwe zaka ziwiri. Manja atakwezedwa, mlembi anawerenga kawiri. Mbali iyi makumi awiri ndi mmodzi, mbali inayo makumi awiri ndi mmodzi. Pa zaka zisanu ndi zitatu zimene anakhala pampando, malemu anali asanavotepo. Amene analipo amati anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali, kenako anaimirira n'kunena kuti denga likagwera munthu wogona m'nyumba mwake lagwera bungwe lonse, ndipo voti yawo ndi ya zaka ziwiri. Bambo anga anatuluka osatsazika, chipewa chawo n'kuchiiwala pabenchi.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Sindikunamizani, kwathu kunali mdima. Kuimitsidwa kunkatanthauza kuti abale sangakupatsenso ntchito, ndipo mbiri inali itawanda m'tauni monse. Ife ana tinaletsedwa kuponda pakhomo pa bambo aakulu. Tikakumana nawo pamsewu tinkayang'ana kumbali, iwo n'kumatipatsabe moni. Agogo anakhala miyezi itatu osawalankhula malemu.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti Loweruka lotsatira mlandu uja, malemu anatseka shedi, nakweza matabwa ouma pangolo, n'kupita kunyumba kwa mayi wamasiye uja. Anayamba kuchotsa mitanda yakale okhaokha. Anabwereranso Loweruka lachiwiri ndi lachitatu. Loweruka lachinayi bambo anga anamva, ndipo anatenga nyundo yawo. Atafika sanapereke moni, anangokwera makwerero. Mayi aja anatiuza pambuyo pake kuti amuna awiriwo anakhoma denga tsiku lonse, uyu mbali iyi uyu mbali iyo, ndipo mawu okha amene anamveka anali opempha misomali. Dengalo lilipo mpaka lero.

Chilango malemu sanachichepetse ngakhale ndi tsiku limodzi, ngakhale mphamvu yopempha abale kuti achiunikenso anali nayo. Pa 7 Febuluwale, 1998, bambo anga anakweranso masitepe aja. Malemu anawalumbiritsa mwatsopano, mawu ndi mawu, ngati munthu wolowa kumene. Atatha, anatsegula kabati ya makalata n'kutulutsa chipewa chija, chili m'pepala kuti chisagwidwe fumbi. Akuti abale anayamba kuseka, kenako ena anayang'ana kuzenera kubisa misozi. Madzulo a tsiku limenelo mabanja awiriwa tinadyera pamodzi, agogo ali pakati. Pamsonkhano wotsatira malemu anapempha m'bale wina kuti abweretse lamulo latsopano, loti wapampando azichoka pampando mlandu ukakhudza wachibale wake. Linadutsa popanda wotsutsa. Iwo ankati zimene anaona tsiku lija sakuzifunira munthu wina.

Mu 2003 kunabwera mayi wina wowotcherera zitsulo kudzapempha kulowa m'bungwe. Mwa mamembala onse munalibe wamkazi chiyambire. Phokoso linabuka, ena akuti buku limanena za abale, osati alongo. Malemu anawerenga ndime yonse mokweza, nagamula kuti bukulo likufunsa luso la munthu ndi khalidwe lake, za ndevu silikunenapo kanthu. Anatuma amisiri atatu kukaona mageti amene mayiyo anawotcherera, ndipo atatuwo anabwerako osapeza cholakwika. Lero m'bungweli muli amayi khumi ndi asanu ndi awiri.

Mu 2012, atakhala pampando zaka makumi awiri ndi zinayi, abale ena anabweretsa ganizo loti malemu akhale wapampando wa moyo wonse, chisankho chisamachitikenso. Chipinda chonse chinaomba m'manja. Iwo anadikira mpaka m'manja mutatha, anagogoda tebulo, nagamula kuti ganizolo likusemphana ndi buku ndipo silikambidwa. Anawonjezera kuti pachisankho cha chaka chimenecho saimanso. Anapereka kiyi, buku ndi nyundo kwa wolowa m'malo mwawo, n'kukakhala benchi yachisanu ndi chiwiri pafupi ndi zenera. Kuyambira pamenepo ankakweza dzanja ngati wina aliyense, ndipo akapanda kulozedwa ankalitsitsa.

Mu 2021 anawapeza ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Anasiya shedi m'manja mwa mwana wawo wachiwiri, komabe ankapitako m'mawa uliwonse kukayendetsa chala pa matabwa opalidwa. Mu Novembala chaka chathachi anagwa m'bafa, ndipo dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa. Anagonekedwa m'chipatala milungu itatu, natuluka, koma pa 18 Febuluwale anabwereranso chifukwa cha chibayo. Bambo anga ndi amene ankawameta ndevu ndi kuwatembenuza pabedi masiku onsewo. Anatisiya Lachiwiri pa 27 Febuluwale, 2024, nthawi ya 9 koloko m'mawa, mayi aakulu atawagwira dzanja. Akanakwanitsa zaka 76 mwezi wamawa.

Malemu asiya mkazi wawo, amene akhala naye zaka makumi asanu ndi chimodzi, ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, adzukulu khumi ndi atatu, zidzukulutudzi ziwiri, mlongo wawo mmodzi, ndi mng'ono wawo. Asiyanso amisiri oposa makumi atatu amene anadutsa m'manja mwawo, ena mwa iwo ndi amene akhoma bokosi agonamoli, ndipo anakana kuti wina aliyense awathandize.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mopanda kunyinyirika. Tikuthokoza anansi amene mwatipatsa mipando, madzi ndi mapewa olirirapo chiyambire Lachiwiri. Tikuthokoza akumpingo, ogwira ntchito kushedi, ndi mayi wa masamba aja, amene ngakhale akuyendera ndodo afika pano m'mamawa tonse tisanadzuke bwino. Abale a Ubale wa Amisiri, munasinthana kuchipatala awiriawiri osaphonya tsiku. Mulungu akubwezereni.

Ndatsala ndi uthenga umodzi umene anandisiyira Lamlungu lapitali, kuti ndipereke kwa amayi wapampando wa lero, omwe ndi owotcherera zitsulo aja. Anati ndinene momveka kuti ili ndi pempho, chifukwa mphamvu yolamula anaitula kalekale. Akudziwa kuti mudzafuna kuimitsa msonkhano wa mkuja Loweruka chifukwa cha iwo. Akuti musatero. Pali achinyamata atatu amene adikira chaka chathunthu kuti alumbiritsidwe, ndipo si bwino kuti adikirenso mwezi wina chifukwa cha munthu amene ntchito yake yatha.

Bambo aakulu, mwagwira ntchito, ndipo ife sitikuchita manyazi kutchulidwa ana anu. Pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.