Masiku Atatu Osafika Kumanda

Lachinayi masana, anthu akutuluka mumzikiti, ndinakabweza galimoto ya hayala kwa Si Mbarek, ndiko kunena kuti bambo Mbarek, amene ofesi yake ili kuseri kwa siteji ya matakisi muno mu Ouarzazate, kuti andilemberenso ya mawa lake. Ine ndine Ittou, aulemu amati Lala Ittou, mkazi wa malemu Bassou woyendetsa takisi, ndipo bamboyo ananditulukira ndi fomu, cholembera ndi magalasi apamphuno ngati ndabwera kudzayankha mlandu.

"Mtendere, Lala Ittou. Mwayenda bwanji?"

"Sindinayende. Ndipatseni galimoto mawa."

Anasuzumira pawindo. "Mita ikuti mwayenda makilomita mazana asanu ndi anayi pamasiku atatu."

"Mita yanuyo ndiye yayenda. Ine ku Timgarin sindinafike."

"Ku Timgarin ndi mazana awiri okha."

"Ndakufunsani?"

Anatsegula chitseko chakumbuyo n'kupisa chala pabowo. "Mpando uwu wang'ambika."

"Mbuzi."

"Pa fomu ya Lachiwiri munalemba kuti mukuyenda nokha."

"Ndinanyamuka ndekha."

"Nanga mbuzi inakwera bwanji?"

"Ndi mwini wake! Mumati ikwere ndi ndani?"

Analemba. Ndinamugwira mkono wa malaya.

"Si Mbarek, tcherani khutu, ndinena kamodzi. Bassou anafera kwawo ku Timgarin. Anamuika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ine ndili kuno ndikukanda buledi osadziwa kanthu. Miyezi inayi ndi masiku khumi ndabindikira kwa mlongo wanga nditavala zoyera ngati thumba la ufa. Manda ake sindinawaone. Kumeneko manda onse ndi miyala iwiri, wina kumutu wina kumiyendo, popanda dzina. Amene akudziwa pomwe anagoneka chitsiru changa chija ndi mkulu wa adzukulu yekha, munthu amene sindinamuonepo, ndipo ndamva kuti Loweruka akusamukira kwa mwana wake ku Casablanca. Akapita ameneyo, ndidzakalalatira mwamuna wa mwini."

"Mukupita kukalalata?"

"Kukapemphera. Ndikatha kupemphera ndilalate."

"Pa fomu pali mipata iwiri yokha. Ulendo wokaona malo, kapena wantchito."

"Lembani wantchito."

Analembadi.

"Zaka makumi atatu, bambo inu! Chakudya chinkazizira pambale tsiku lililonse chifukwa mwamuna ameneyo sankatha kudutsa munthu woima m'mbali mwa msewu. Ukwati wa mwana wathu weniweni tinafika anthu akutsuka mbale, chifukwa anakatula mayi wina ndi nkhuku zake kuphiri. Anachoka padziko ndisanamalize kumuuza."

"Ndiye kuti inu khalidwe lonyamula anthu panjira simugwirizana nalo."

"Ndimadana nalo ngati chinkhanira!"

"Chabwino. Dzulo munanyamula anthu angati?"

"Nthawi yanji?"

Anakankhira magalasi m'mwamba. "Pali kusiyana?"

"M'mawa mayi wa mbuzi uja. Chakumasana azakhali anayi a mkwatibwi ndi ng'oma zawo. Basi inawasiya pamphambano."

"Ng'oma ndi zimene zakanda denga."

"Mumafuna aziimbe ali pansi pa mpando?"

"Anaimba m'galimoto?"

"Akupita kuukwati, aziimbira kuti? Titafika anandigwira dzanja. Munthu ungatsitse azakhali a mkwatibwi n'kuchoka osadya? Anandikhazika pamkeka. Nyama ya nkhosa, tiyi makapu atatu. Podzuka, dzuwa lili uko."

Anagwada n'kusuzumira kunsi kwa galimoto. Mchenga unakhuthuka waa pansapato zake.

"Galimoto iyi siloledwa kuchoka pa tala."

"Kauzeni anthu azimanga nyumba zawo pa tala."

"Zimenezo si za ofesi ino. Nanga lero?"

"Lero ndinalumbira. Ndinamanga mpango mpaka m'mphepete mwa maso kuti ndisaone kumbali, ngati bulu wapangolo. Nditapitirira Agdz ndinaona mwamuna wina ali ndi zigubu ziwiri. Ndinamudutsa. Ndinamudutsa ndithu, mtima gwa!"

"Munachita bwino."

"Kenako ndinayang'ana pagalasi."

"Galasi ndi loonera magalimoto akumbuyo."

"Kumbuyo kunalibe galimoto, ndiye vuto lakelo! Msewu uja mukuudziwa, ina imatha kudzadutsa mawa. Munthu ali chiimire padzuwa, osakweza n'komwe dzanja, ngati akudziwa kuti ndibwerera. Ndinayenda chambuyo mtunda wonsewo ndikumutukwana Bassou."

"N'chifukwa chake nyali yakumbuyo yasweka."

"Mwala unali pamalo olakwika. Kufika pahema pake, mkazi wake matenda ayamba. Haya, m'galimoto, wa kuchipatala. Tinakwera asanu, tinatsika asanu ndi mmodzi."

Cholembera chinaima. "Malire ndi anthu asanu."

"Pokwera tinali asanu!"

"Koma potsika."

"Pitani mukamuuze mwanayo abwerere."

Anatembenuza fomu, n'kuyang'ana kuseri, n'kuitembenuzanso. "Palibe polemba zimenezi."

"Ndi wamkazi. Amutcha Ittou. Tsoka lake."

Anapuma mozama n'kuwongola khosi ngati woweruza. "Lala, mawa sindingakupatseni galimoto."

"Mwati chiyani?"

"Mwaphwanya malamulo anayi. Akakwana atatu kasitomala timamuimitsa mwezi."

"Mwezi! Munthu akuchoka Loweruka! Inu mayi anu anakuberekani kapena anakudindani ndi chidindo?"

"Anandibereka. Ku Agdz."

"Mayo ine! Ndilankhula ndi khoma."

"Tisanatseke fomu, kwatsala m'buti." Anatsegula, n'kutulutsa chiguduli chomangidwa ndi chingwe. Anamasula. "Piki ndi fosholo. Si zathu."

"Si zanganso. Ndi za mlendo wanga, anaziiwala."

"Katundu woiwalika timalemba dzina la mwini wake. Dzina?"

"Sindikulidziwa."

"Munamutsitsa kuti?"

"Sindinamutsitse. Ali kunyumba."

"Kunyumba kwanu?"

"Kwa mlongo wanga, kuchipinda cha alendo. Musandiyang'ane choncho, ndi agogo a mano awiri. Ndinawapeza Lachiwiri pamphambano, dzuwa lili paliwombo, akubwera kuno ine ndikupita uko. Ndinatembenuza galimoto. Kufika m'tauni, alibe kolowera. Ndikanawasiya pasiteji ngati katundu?"

"Ndiye agona kwanu masiku awiri, dzina simukulidziwa."

"Si Mbarek, munakulira kuchipululu konkuno kapena m'kabati? Mlendo safunsidwa dzina, kochokera kapena chimene wadzera asanathe masiku atatu. Amadya, amamwa, amagona. Ine ndine wolongolola, koma si wosaleredwa."

"Masiku atatu akwana liti?"

"Mawa masana."

"Fomu ikutsekedwa lero."

"Itsekeni ndi mutu wanu."

"Ngati dzina palibe, timalemba maonekedwe." Ananyowetsa chala n'kutsegula tsamba lina. "Msinkhu?"

"Aafupi. Owuma ngati chikuni."

"Zovala?"

"Nduwira yabuluu."

"Chizindikiro china?"

"Diso limodzi n'lakufa. Amatsimphina mwendo wakumanzere. Tiyi amamwa ngati ngamila. M'mawa uliwonse amatuluka, madzulo n'kubwera miyendo ili mbuu, n'kumati, sindinawapeze. Ine ndimangoti Mulungu akutsogolerani."

"Akufuna ndani?"

"Ndangokuuzani kuti safunsidwa!"

Si Mbarek anavula magalasi. Anawapukuta ndi malaya. Anawavalanso.

"Diso lakufalo ndi lakumanja?"

"Eya."

"Anabwera pano dzulo."

"Kudzatani? Kudzachita hayala bulu?"

"Dzina lawo ndi Addi. Anati achokera ku Timgarin. Akufunafuna mkazi wa Bassou woyendetsa takisi. Anati Bassouyo anamuika ndi manja awo, ndiye sangakwere basi ya Loweruka asanamusonyeze namfedwa pamene mwamuna wake wagona. Kunyumba kwanu kwakale anapeza loko. Madalaivala apasiteji anawalozera kuno."

Ndinakhala pansi, pafumbi pomwepo, pafupi ndi tayala.

"Nenaninso."

"Dzina lawo ndi Addi. Anati achokera..."

"Ndamva! Ndiye inu munawauza chiyani?"

"Kuti kumene kasitomala amakhala sitiulula. Ndi lamulo."

"Lamulo!"

"Lachisanu ndi chiwiri."

"Munthu wayenda mtunda wonsewo ndi mwendo umodzi kudzafuna ine, inu n'kumubweza ndi lamulo lachisanu ndi chiwiri?"

"Ndinawapatsa madzi."

"Mbuzi ya munthu! Kape! Bwanji simunandiuze m'mawa uno pamene ndimadutsa pano?"

"Uthenga wa kasitomala timapereka pobweza galimoto. Ndikanakuuzani tikamaliza m'buti."

Ndinavula silipasi. Anabwerera kumbuyo n'kutchinga nkhope ndi fomu.

"Lala, ine anandiona mphindi zisanu zokha. Inu mwawaphikira masiku awiri."

Silipasi inatsika yokha.

"Ndawaphikira," ndinatero. "Dzulo usiku ndinawaphera nkhuku. Ndinawapatsa bulangete la Bassou, lomwe lija lofiira. Akufunda bulangete la munthu amene anamukwirira, ine ndikutentha mafuta kuwafuna kuchipululu."

"Simunatchulepo dzina la malemu pakhomo?"

"Pakhomo ndimamutchula kuti chitsiru chija."

"Iwo sanafunse kuti chitsiru chiti?"

"Mlendo amafunsa za eni nyumba? Ndi munthu woleredwa ameneyo, si inu."

"Ndiye nonse awiri mwatsatira malamulo," anatero akugwedeza mutu mokhutira. "Palibe wolakwa."

"Ndithandizeni kudzuka ndisanakulumeni mwendo."

Anandidzutsa. Ndinasasa fumbi.

"Makiyi."

"Mwaimitsidwa mwezi."

"Ndikupita nawo kumanda mawa m'bandakucha."

"Muwafunsa lero?"

"Sindiwafunsa kanthu. Masiku atatu sanakwane."

"Lala, dzina mwalidziwa kale."

"Mwandiuza ndinu. Ine sindinafunse. Ndikangofika pakhomo ndiimirira pabwalo n'kukuwa kuti, Bassou wa ku Timgarin, woyendetsa takisi, galu iwe, taona zimene wandichititsa! Iwo akamva, alankhula okha."

Anaganiza kaye. "Zimenezo mwambo umalola?"

"Kutukwana mwamuna wako m'nyumba mwako palibe mwambo umaletsa. Makiyi."

"Mwezi, Lala."

"Si Mbarek, ndiyang'aneni. Agogo aja akakwera basi Loweruka ndisanaone miyala iwiri ija, ndidzabwera ndi mkeka wanga n'kuuyala pakhomo la ofesi ino. Zonse zimene ndinamusungira Bassou zaka makumi atatu ndidzakuuzani inuyo, kuyambira tsiku la ukwati. Tsiku lililonse. Pamaso pa azungu anu."

Anatsegula buku lake lalikulu, chala chikuyenda mzere ndi mzere, milomo ikugwedera.

"Lamulo likuti woimitsidwa sangatenge galimoto yatsopano."

"Ndiye?"

"Silikunena za yakale. Fomu iyi sinatsekedwe, chifukwa katundu woiwalika sanafike kwa mwini wake. Fomu ikakhala yosatseka, galimoto idakali m'manja mwanu."

"Ndiye kuti sindinaibweze."

"Simunaibweze."

"Nanga ola lonseli timachita chiyani?"

"Timayendera."

Anamanganso piki ndi fosholo m'chiguduli muja, n'kuzibwezera m'buti mwaulemu ngati akugoneka mwana. Kenako anang'amba kapepala, n'kulembapo mizere itatu ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndithe kuwerenga.

"Koma musayine apa. Wokwera ndi mmodzi, Addi. Simudzachoka pa tala kufikira tala atathera yekha. Simudzaimira munthu aliyense panjira."

"Aliyense?"

"Aliyense."

"Ngakhale wa mbuzi?"

"Makamaka wa mbuzi."

Ndinalanda cholembera. "Ndisayina ndi mtima wonse. Mukuganiza kuti ndimakondwa nazo? Mawa ndikufuna ndikaimirire pamutu pa chitsiru chija ndimuuze kuti, taona, ine ndafika nthawi yake, sindinaimire munthu, umu ndi mmene anthu anzeru amayendera. Kaya aime mfumu, kaya aime mngelo ndi mapiko ake, adzadya fumbi langa."

Ndinasayina mpaka pepala kubooka. Anaika makiyi m'dzanja langa, n'kupinda kapepala kaja bwinobwino, n'kukalowetsa m'thumba lapachifuwa. Ndinakwera, ndinaliza injini. Anagogoda pawindo.

"Chinanso n'chiyani?"

"Munyamuka nthawi yanji?"

"Anthu akangotuluka kupemphero la m'bandakucha."

"Mudzera pamlatho?"

"Pali njira ina?"

Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, n'kutsitsa mawu.

"Mukadzangowoloka mlatho mudzaona munthu ataima ndi matumba awiri a ufa, akupita kwa mayi ake ku Agdz. Basi ya Lachisanu imadzaza."

"Adzaima mpaka tsiku lachiweruzo! Ndasayina!"

"Mwasayinadi, Lala, ndipo mwachita bwino. Koma ameneyo mudzamuimire. Ndidzakhala ine."