Dokotala Aleyamma Kuruvilla, Katswiri Wosoka Zikope

Malemu Dokotala Aleyamma Kuruvilla anabadwa pa 9 Malichi 1949 kuno ku Ranni. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri la bambo Kuruvilla, mlimi wa mitengo ya labala, ndi mayi Sosamma.

Sukulu anayambira pa tchalitchi pompano. Maphunziro a udokotala anamaliza ku Vellore mu 1973, kenaka anapita ku Madras kukazama pa ntchito yokonza zikope, njira za misozi ndi malo oikamo diso lochita kupanga.

Mu 1976 anamanga banja ndi bambo Ninan, mphunzitsi wa masamu, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku chipatala cha mishoni kufupi ndi Ranchi, mzinda wa kutali kumpoto, kumene anatumikira zaka makumi atatu ndi zisanu. Ambiri mwa odwala awo anali akhate amene zikope zawo zinasiya kutsinzina, maso n'kumauma mpaka kufa. Malemuwa ankasuntha kamnofu ka m'mbali mwa mutu n'kukalumikiza ku chikope, kuti munthu akaluma mano diso lizitsekeka. Amayi opsa ndi mbaula za palafini ankawasokera zikope zatsopano ndi khungu la kuseri kwa khutu. Madokotala amene anaphunzira m'manja mwawo sadzaiwala mawu aja: "Iwe, ukusoka thumba la mpunga kodi? Masula, uyambirenso."

Anali mkhristu wa mpingo wa Mar Thoma. Anaphunzitsa ana Sande sukulu zaka zambiri.

Ndime yotsatirayi analamula okha kuti iwerengedwe, ngakhale abale anayesa kuwaletsa.

Mu 2011 manja awo anayamba kunjenjemera, koma sanauze munthu. Mu Okutobala chaka chimenecho anachita opaleshoni Phulmani Tirkey, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi amene ukwati wake unali pafupi. Dzanja linaphonya, mpeni n'kudula posayenera, ndipo diso lamanzere la mtsikanayo linawonongeka. Akuchimuna anathetsa ukwati. Akuluakulu a chipatala anati zoterezi zimachitika, nkhani ithere pomwepo. Malemuwa anakana. Anakwera basi kupita kumudzi kwa mtsikanayo, nauza makolo ake pamaso pa anthu kuti wolakwa anali iwo eni adokotala, chifukwa anadziwa za matenda a manja awo koma anabisa. Bambo a mtsikanayo sanawapatse ngakhale madzi akumwa. Kuyambira tsiku limenelo malemuwa sanagwirenso mpeni.

Anabwerera kuno ku Ranni mu 2012. Ankalembera Phulmani kalata chaka chilichonse, osayankhidwa. Matenda onjenjemera aja anakula, ndipo zaka zitatu zomaliza sankatha kuyenda kapena kugwira cholembera. Makalatawo ankawalembera ndi amuna awo. Dokotala Aleyamma amwalira Lachiwiri m'mawa, pa 12 Novembala 2024, kunyumba kwawo, ali ndi zaka 75.

Mayi Phulmani Tirkey, amene tsopano ndi mphunzitsi, atamva uthenga anayenda masiku awiri pa sitima ya pamtunda. Akhala ku mpando wachiwiri, pamodzi ndi abale a malemu. Apempha kuti asafunsidwe kulankhula.

Malemu asiya amuna awo bambo Ninan, ana awiri, Susan ndi Cherian, zidzukulu zinayi, mlongo wawo mmodzi ndi ang'ono awo awiri.

Mzimu wawo upumule mu mtendere wa Ambuye.